Cisumbu ca Jeju, Kumene Zinthu Zinaperewera ndi Cimodzi

Kutali kum'mawa, kupyola dziko la China, kuli dziko la Korea. Ndipo kumwera kwa dzikolo, pakati pa nyanja ya mcere, kuli cisumbu dzina lace Jeju. Si cacikuru kweni-kweni. M'litali mwace ndi makilomita 73, m'mimba mwace 31, kotero kuti munthu wa galimoto akhoza kucizungulira tsiku limodzi. Eni cisumbu sakwana 700,000, koma alendo amene amafikako caka ndi caka amapitirira 10,000,000, ndipo ambiri a iwo ndi Akorea anzao ocokera kumtunda. Ndeke yocokera ku Seoul, mzinda waukuru wa South Korea, imauluka ngati ora limodzi lokha. Amadza kudzaona phiri, mapanga, mathithi ndi magombe, najambula zithunzi, nabwerera kwao. Koma pafupi-fupi mwala uli wonse umene amaujambulawo uli ndi nthano yace, ndipo ambiri amacoka asanaimve.

Anthu a ku Jeju amati kwao kunacuruka zinthu zitatu: miyala, mphepo ndi akazi. Lero mau amenewa amanenedwa moseka, koma anabadwa m'masautso. Cisumbu conse cinapangika ndi ciphalaphala ca moto cimene cinaturuka pansi pa nthaka, nicizizira, nicisanduka miyala yakuda yaziboo-ziboo. Mvula ikagwa madzi amangolowa pansi; cifukwa cace mpunga, umene uli kwa Mkorea monga nsima iri kwa inu omvera, sunali kumera bwino, ndipo anthu anali kukhalira barele ndi mawere. Mphepo nayo inali kugubuduza ngalawa za asodzi, m'midzi nimutsala akazi ambiri kuposa amuna. Nthano za dziko lotere sizingakhale za anthu okhuta. Womvetsera bwino adzapeza kuti m'zambiri za izo muli kuwerenga, ndi kuti kuwerengako kumafika pa 99 ndi kuima pomwepo.

Mlendo amatsikira m'mzinda wa Jeju, kugombe la kumpoto, ndipo asanapite kutali ayenera kuyamba waona malo ochedwa Samseonghyeol, m'kati mwa mzinda momwemo. Ndi kankhalango ka mitengo yakale kozingidwa ndi linga, ndipo pakati pace, pa udzu, pali maenje atatu. Kunena zoona palibe cacikuru coona pamenepo, ndiponso munthu saloledwa kufika pafupi. Koma amati m'maenje amenewa ndimo munaturuka amuna atatu oyamba, Go, Yang ndi Bu, osabadwa kwa mkazi. Anali alenje obvala zikopa, osadziwa khasu. Tsiku lina mafunde anatula bokosi lalikuru pa gombe la kum'mawa, ndipo atalitsegula anapezamo ana akazi atatu a mfumu ya kutsidya kwa nyanja, pamodzi ndi ana a ng'ombe, ana a akavalo ndi mbeu za mitundu isanu. Anakwatirana pa dziwe limene kufikira lero lichedwa Honinji, ndiko kunena dziwe la ukwati. Ndipo pambuyo pace yense anaponya mubvi wace, namanga mudzi pamene unagwera. Umo ndimo unayambira ufumu wa Tamna, umene unali ndi mafumu ace-ace zaka mazana ambiri, kufikira caka ca 1105, pamene mafumu a kumtunda anausandutsa cigawo ca dziko lao. Mafuko atatu aja alipobe, ndipo pa 10 April ndi pa 10 October adzukuru ao amasonkhana pamaenjepo kudzapereka nsembe. Zindikirani kuti m'nthano iyi mbeu ndi zoweta zinadza ndi akazi.

Pali ponse pamene munthu angaime pa cisumbuci, akatukula maso amaona phiri la Hallasan, lotalika mamita 1,947, loposa mapiri onse a South Korea. Ndipo molizungulira muli timapiri toposa 360 tochedwa oreum. Ophunzira za miyala amati tonseto ndi m'mene munali kuturukira moto. Nkhalamba zimanena zina. Zimati kunali mai wa msinkhu woopsa, Seolmundae Halmang, ndipo liu ili lakuti Halmang ndilo agogo m'cinenero ca pa cisumbupo. Agogowa ndiwo anatuta dothi m'nsaru yao, naliunjika kufikira linakhala Hallasan. Nsaruyo inali yakutha, yobooka-booka, ndipo dothi limene linali kutaika m'njira ndilo timapiri tija. Akagona anali kutsamira Hallasan, miyendo yao nifika ku kacisumbu ka Gwantal, kutali m'nyanja ya kumpoto. M'nthano za mitundu yina wolenga dziko amakhala pa mpando wa ulemu, atumiki namgwadira. Uyu wa ku Jeju ndi mkazi wosauka wa nsaru imodzi, amene amacapa, kusoka ndi kuphika yekha.

Umphawi wao womwewo ndiwo unabala nthano imene mwana ali yense wa ku Jeju amaidziwa. Popeza analibe cobvala ca m'kati, Agogo anapangana ndi anthu kuti akawasokera cobvala ca silika, iwo adzawamangira ulalo wofika kumtunda. Cobvala ca munthu wa msinkhu wotere cinafuna mitolo 100 ya nsaru. Anthu anasonkha zonse zimene anali nazo, nafuna-funa nyumba ndi nyumba, koma powerenga mitolo inakwana 99. Cobvala cinatsala cosatha, Agogo nao nasiya nchito yao pakati. Kugombe la Jocheon, kum'mawa kwa mzinda, kuli miyala yolowa m'nyanja imene amati ndiyo ciyambi ca ulalo umenewo.

Mtolo umodzi wokha! Kuti amvetse kuwawa kwa mtolo umenewo, mlendo ayenera kudziwa mbiri yeni-yeni. Mafumu a kumtunda anali kukhometsa anthu a ku Jeju msonkho wa akavalo, malalanje ndi nkhono za m'nyanja. Msonkho utalemera amuna anayamba kuthawa, ndipo m'caka ca 1629 Boma linaika lamulo lakuti munthu wa ku Jeju asaturuke pa cisumbu popanda cilolezo. Lamulolo linakhala pafupi-fupi zaka 200. M'zaka zomwezo akuru-akuru amene analakwira mfumu anali kupitikitsidwira ku Jeju monga kundende. Anthu otsekeredwa motero, poyang'ana miyala ya ku Jocheon, sanali kuona nthano yoseketsa ana iai. Ulalowo kulibe ndi lero lomwe. Wopita ku Jeju amakwera ndeke kapena combo.

Wofuna kukwera Hallasan kufika pansonga ayenera kulembetsa dzina lace pasadakhale, ndi kulawira m'mamawa, pakuti njira ya Seongpanak ndi makilomita 9.6 kupita kokha. Pamwamba pali dzenje lalikuru la phiri la moto, ndi thamanda lochedwa Baengnokdam, ndiko kuti thamanda la mbawala yoyera. Koma njira yokongola koposa ndi ya Yeongsil, ca kumwera kwa kumadzulo, ngakhale sifika pansonga. Kumeneko miyala italiitali yaima mondandalika pamwamba pa phompho ngati asilikari pa perete, ndipo ichedwa Akazembe 500.

Nthano yace ndi iyi. Kunagwa njala yaikuru, ndipo mai wina wa ana amuna 500 anawatuma onse kukafuna cakudya, iye natsala alikuphika phala m'nkhali yaikuru. Potakasa phalalo, ataima pa mlomo wa nkhali, anaterereka nagweramo. Ana anabwera madzulo ndi njala yao, nadya, nauzana kuti phala la lero lakoma kuposa masiku onse. Wamng'ono wa onse anafika potsiriza. Ndipo pakupala pansi pa nkhali anapeza mafupa. Iye anakana kukhala pamodzi ndi abale amene anadya mai wao, nathawa alikulira kufikira ku kacisumbu ka Chagwido kumadzulo, nasanduka mwala komweko. Otsalawo, atazindikira cimene anacita, anaima paphiri nalira kufikira anauma. Motero pa Yeongsil pali abale 499; apanso paperewera mmodzi. M'miyezi ya May ndi June maluwa ofiira amakuta phirilo, alendo nakondwera kujambulitsa pakati pace, koma nkhalamba zimati amenewo ndi misozi ya mwazi ya ana aja. Ambiri lero amati mai wa m'nkhaliyo ndiwo Agogo Seolmundae. Ena amakana, namati Agogo anafa imfa yina: podzitama ndi msinkhu wao anayesa maiwe onse a pa cisumbu, lina niliwalekeza m'kakolo, lina m'maondo, kufikira analowa m'thamanda la Muljangori, lopanda pansi, namira. Nthano ziwirizi sizigwirizana, ndipo eni ace sabvutika nazo.

Pa mtsetse wa kumpoto wa phiri lomwelo pali makwawa ambiri ogundana, ochedwa Aheunahopgol, ndiko kunena zigwa 99. Kale zinali 100, ndipo munali akambuku ndi zirombo zina zolusa. Kunadza wansembe wocokera ku China, nalonjeza kucotsa zirombozo. Anaziitanira zonse m'cigwa cimodzi, ndipo cigwaco cinazimirira pamodzi nazo. Anthu anakondwa, koma pambuyo pace anazindikira kuti anawapusitsa, pakuti dziko lopanda kambuku silibalanso mfumu kapena munthu wamkuru. Umo ndimo anthu olamulidwa ndi alendo anali kudzifotokozera cifukwa cace olamulira onse anali kudza pa combo.

Atatsika phiri mlendo amalowera kum'mawa, kumene cisumbu cimathera pa Seongsan Ilchulbong, phiri la mamita ngati 180 limene linaphulikira m'nyanja momwe, looneka ngati linga la nkhondo. Pamwamba pace pali cigwa cozungulira ca udzu, ndipo m'mphepete mwace mwaima miyala yosongoka imene amati, monga mwaganiza kale, iri 99. Alendo amakwera makwerero kusanace kuti akaone dzuwa lirikuturuka m'madzi, maka-maka pa 1 January. Kwa Agogo Seolmundae phirili linali dengu la zocapa, cisumbu ca Udo ciri pafupipo cinali mwala wocapira, ndipo m'mbali mwa njira muli mwala wautali pamene anali kuikapo nyali posoka usiku. M'caka ca 2007 bungwe la UNESCO linalemba phiri ili, Hallasan ndi mapanga a ciphalaphala m'kaundula wa malo oyenera kusungidwa ndi dziko lonse lapansi.

Koma coyenera kuima naco nthawi ciri pansi pa phirilo, m'madzi. Mlendo adzaona zoyandama zofiirira ngati mipira, nadzamva kulira konga mluzu kucokera pa mafunde. Amenewo ndi haenyeo, akazi a m'nyanja. Amamira mamita 10, ena kupitirira, opanda botolo la mpweya, atagwira kacitsulo kogumulira nkhono zomatirira pa miyala. Amasunga mpweya mphindi imodzi kapena kuposa, ndipo mluzu uja, wochedwa sumbisori, ndiwo mpweya wao poubweza atabvuuka. Kale kufuna nkhono zazikuru za msonkho kunali nchito ya amuna. Amuna atathawa ndi kuthera m'nyanja, katunduyo anagwera akazi. Munthu amene amatsika pansi pa mgodi m'mawa uli wonse sasowa wommasulira cifukwa cace akazi amenewa amati ndalama zao amakazitenga kudziko la akufa kudzadyera kuno. Cimene nchembere zimayamba kuphunzitsa mtsikana si kusambira, koma kudziwa polekezera mpweya wace. Pakuti zimati wotsala pansi kawiri-kawiri ndiye amene anaona nkhono imodzi yina mpweya utamthera kale, naitambasulira dzanja.

M'caka ca 1965 haenyeo a ku Jeju anali oposa 23,000. M'caka ca 2023 sanakwane 3,000, ndipo oposa theka la iwo anali a zaka 70 kapena kupitirira. Ana ao anaphunzira sukulu ndi ndalama za m'nyanja zomwezo, napeza nchito zina, ndipo amai ambiri sanafune kuti ana ao akazi alowe m'madzi. Nyanja nayo irikutentha, zomera zimene nkhono zimadya zirikutha. UNESCO inalemekeza nchito yao m'caka ca 2016, koma ulemu sumira m'madzi.

Akazi amenewa ali ndi Agogo ao ena, Yeongdeung Halmang, mwini mphepo. Amati amafika caka ndi caka pa tsiku loyamba la mwezi waciwiri, powerenga ndi mwezi wakumwamba, ndiko ca m'February kapena March. Amalowera ku Gwideok kumadzulo, nazungulira magombe alikufesa mbeu za nkhono ndi za ndiwo za m'nyanja, nacokera ku Udo pa tsiku la 15. Masiku amenewo anthu anali kusala nyanja. Mlendo amene wafika nyengo yotere abwerere kumzinda kumene ulendo unayambira, ku kacisi wa Chilmeoridang, akaone mwambo wotsazikana nao pa tsiku la 14. Kumeneko a simbang, ndiwo olankhula ndi mizimu, amaimba ndi ng'oma tsiku lonse, akazi a m'nyanja atakhala pansi ndi mitanga ya nsembe, ndipo pomariza amayandamitsa kangalawa ka udzu kuti Agogo akwere.

Mwambowu unapulumuka kawiri. Eni cisumbu amati kwao kuli milungu 18,000, ndipo olamulira ocokera kumtunda sanakondwere nayo. M'caka ca 1702 bwanamkubwa Yi Hyeong-sang anatentha akacisi 129, nalamula a simbang kuti agwire khasu. Koma iye sanakhalitse pa cisumbu, ndipo atacoka anthu anabwerera ku miyala ndi mitengo yao yopatulika. M'zaka za m'ma 1970 Boma, pofuna kutukula midzi, linacha miyambo yotere umbuli, niliiletsa. Koma m'caka ca 1980 Boma lomwelo linalemba mwambo wa Chilmeoridang pakati pa cuma ca dziko, ndipo UNESCO inatsatira m'caka ca 2009.

Kucokera kum'mawa mseu umakhotera kumwera, ku mzinda wa Seogwipo, kumene kuli mathithi a Jeongbang. Madzi ace amagwa mamita 23 kucokera pa thanthwe, nagwera pa gombe peni-peni pamene mafunde amafika. Nthano ya pamenepa ndi ya mlendo. Zaka zoposa 2,200 zapitazo mfumu yoyamba ya China yonse, Qin Shi Huang, poopa imfa, inatuma munthu wace Xu Fu, amene Akorea amati Seo Bok, kukafuna mankhwala a moyo wosatha. Amati anafika ku Jeju, nafuna pa Hallasan, nalemba pa thanthwe la mathithiwo kuti anapita pano, nacoka. Mfumuyo inafa monga amafera anthu onse.

Pa mathithi omwewo pali nkhani yina imene si nthano. Pa 3 April 1948 gulu la anthu a pa cisumbu linaukira apolisi ndi zida, pokana nkhanza zao ndi cisankho cimene cinali kudzagawa Korea pawiri. Boma linabwezera koopsa. M'October caka comweco linalamula kuti ali yense wopezeka kupitirira makilomita 5 kucokera kugombe adzayesedwa mdani, ndipo midzi ya m'munsi mwa phiri inatenthedwa umodzi-umodzi. Mabvutowo anatha m'caka ca 1954. Lipoti la Boma la caka ca 2003 linati akufa anali pakati pa 25,000 ndi 30,000, ndiko ngati munthu mmodzi mwa anthu 10 ali onse a pa cisumbu, ndi kuti ocuruka anaphedwa ndi asilikari ndi apolisi. Ndipo caka comweco President Roh Moo-hyun anapepesa m'dzina la Boma. Pamwamba pa mathithi a Jeongbang anaomberapo anthu oposa 200, ndipo pafupi ndi Seongsan, pamene alendo amadikira dzuwa, panaferanso ambiri. Kwa zaka makumi angapo kunena za imfa zimenezi kunali kudziputira mlandu. Kumene maina a akufawo anali kumveka ndi pa miyambo ya a simbang, pakati pa kulira kwa ng'oma, pamene mzimu ukhoza kunena cimene wamoyo sangathe.

Ulendo ukapitirira kumadzulo munthu amaona phiri la Sanbangsan, la mamita 395, lokhala lokha pa cidikha ngati mphika wobvundikira. Nthano yace ndi yoseketsa, ndipo mlendo wofika pamenepa aisowa ndithu. Mlenje wina pa Hallasan anaphonya mbawala, mubvi wace nukalasa mfumu ya kumwamba m'matako. Mfumuyo pokwiya inazula nsonga ya phiri niiponya kutali, ndipo pamene inazulapo ndipo pali thamanda la Baengnokdam lero. Ophunzira za miyala amati Sanbangsan ndi lakale kwambiri kuposa nsonga ya Hallasan, koma woyang'ana mapiri awiriwo adzabvomera kuti cibvundikiro ndi mphika zikwanana.

Pafupi pomwepo pali madoko a zombo zopita ku Marado, kacisumbu kotsiriza kumwera kwa South Korea. Apa ndipo pathera njira ya alendo, koma nthano zimapitirira. Zimati kutsogolo kuli cisumbu cina, Ieodo, kumene kulibe njala, kumene asodzi amene sanabwere akhala ndi moyo. Ndipo akazi amasiye anali kuchula dzina lace m'nyimbo zao popera ndi popalasa ngalawa. Wociona, amati, sabweranso kwao. Pa mtunda wa makilomita 149 kucokera ku Marado, ca kumwera kwa kumadzulo, pali thanthwe lobisika m'madzi limene combo ca Angerezi dzina lace Socotra cinagunda m'caka ca 1900. Akorea analipatsa dzina la Ieodo, ndipo m'caka ca 2003 anatsiriza kumangapo nsanja ya zitsulo yopimira mphepo ndi mafunde. Nsonga ya thanthwelo iri mamita 4.6 pansi pa madzi. Nyanja ikakhala bata silioneka konse; limaturukira pa namondwe wamkuru yekha, pakati pa mafunde amene ngalawa ya msodzi wakale sikanatha kuwapyola.